Mphindi 40 Panyanja: Anthu Odyera pa Thanthwe la Ma Seal ku Hout Bay

Makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, kuseri kwa mapiri, kuli doko la asodzi lotchedwa Hout Bay. Ukatuluka m'dokomo pa boti n'kuzungulira phiri losongoka la Sentinel, umapeza thanthwe lopanda mtengo, lopanda udzu, loti nyanja ikakwiya mafunde amalikwera mpaka pamwamba. Dzina lake ndi Duiker Island, koma kulitcha chilumba n'kungolilemekeza, chifukwa m'litali ndi m'lifupi momwe silikwana mamita 100. Palibe chimene munthu angalime kapena kukumba pamenepo. Komabe thanthwe limeneli limalipirira anthu lendi ndi fizi chaka ndi chaka, chifukwa pamagona nyama zikwi zingapo zimene alendo ochokera kutali amatulutsa ndalama kuti akazione.

Nyamazo ndi ma seal, mtundu wotchedwa Cape fur seal. Amene adaonapo katumbu kumtsinje angoyerekeza katumbu wonenepa kwadzaoneni, wa zipsepse m'malo mwa miyendo, wa ndevu zazitali ndi timakutu tating'ono. Wamphongo akakhwima amapitirira mamita 2 ndipo amatha kulemera makilogalamu 300, pomwe wamkazi ndi wocheperapo kwambiri. Amayamwitsa ana, amapuma mpweya, ndipo chakudya chawo ndi nsomba. Pamtunda amayenda monyang'ama, mochititsa chisoni, koma akangogwera m'madzi palibe angawapeze. Pa Duiker Island sipaswana ana ambiri, poti mafunde amakokolola tiana tisanadziwe kusambira. Ambiri opezeka pamenepo ndi amphongo amene sanafike pa msinkhu wolimbirana akazi, ndiye ntchito yawo n'kugona, kukangana ndi kuothera dzuwa.

Kale nyama imeneyi inkapindulitsa itafa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1600 amalinyero a ku Ulaya ankaipha chifukwa cha chikopa ndi mafuta, moti pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ma seal otsala m'gombe lonse la kummwera kwa Africa sankakwana 100,000. Malamulo owateteza adabwera pang'onopang'ono. Lamulo la mbalame za kunyanja ndi ma seal lidakhazikitsidwa mu 1973, ndipo mu 1990 dziko la South Africa lidaimitsa kupha ma seal kochita malonda. Ku Namibia amaphabe mpaka lero. Panopa alipo pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni, kuyambira kummwera kwa Angola mpaka ku Algoa Bay, ndipo ambiri ali ku Namibia komweko. Ndiye ntchito ya maboti a ku Hout Bay idabadwa pamene anthu adazindikira kuti chikopa chimagulitsidwa kamodzi, koma seal wamoyo ungamuonetse mawa ndi mkuja.

Ulendo wake ndi waufupi, mphindi 40 kapena 45 kupita ndi kubwera, ndipo ufupi umenewo ndiwo umalamula zonse. Alendo ambiri amabwera pa mabasi a makampani oonetsa malo, ali pa ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Cape Point kudzera mumsewu wa Chapman's Peak. Basi ikaima, wotsogolera alendo amakhala atawerengera kale nthawi yake. Choncho munthu woyamba pa ntchitoyi ndi wogulitsa matikiti m'kanyumba ka padoko, amene foni siichoka kukhutu. Iye ndiye amadziwa kuti basi yakuti yachedwa pamsewu, gulu lakuti labwera ndi anthu oposa amene adalembetsa, ndipo boti lanyamuka kapena likudikira. Makampani ochita zimenezi ndi angapo, monga Circe Launches, Drumbeat Charters ndi Nauticat, ndipo tinyumba tawo tili moyandikana. Mlendo wobwera yekha akangoonetsa kukayika, wa kanyumba kenako wamukodola kale. M'mawa ndi mmene ndalama imalowa, chifukwa masana mphepo imakula ndipo mabasi amakhala atadutsa.

Amene ndimamulemekeza kwambiri m'boti ndi wothandizira, uja wogwira zingwe. Tsiku lake limayamba alendo asanadzuke: kutsuka pansi, kupukuta mchere pa magalasi, kuona mafuta ndi madzi a injini, kuwerenga majekete oyandamitsa munthu. Alendo akayamba kukwera, amaima phazi limodzi padoko lina pa boti, n'kumalandira dzanja la aliyense, agogo, mwana, mayi wovala nsapato zazitali zidendene, uku boti likukwera ndi kutsika. Onse akalowa amamasula chingwe chakutsogolo, n'kuthamangira chakumbuyo, n'kudumphiramo boti litayamba kale kutalikira. Chingwecho amachikulunga nthawi yomweyo, chifukwa chingwe chosiyidwa pansi chimakola mwendo wa munthu kapena kugwera m'madzi n'kukakulungika ku pulopela. Boti likatuluka pakhoma lotchinga doko, maso ake sakhala pa mapiri okongolawo ayi. Amayang'ana nkhope. Akaona wina wasiya kuseka, milomo yauma, akumeza malovu pafupipafupi, amadziwa kuti nseru yafika. Amamusunthira pakati pa boti pomwe sipagwedezeka kwambiri, kumuuza kuti aziyang'ana kutali, n'kumupatsa kathumba mwakachetechete kuti asachite manyazi. Zikalephereka, ndowa ndi chokolopera ndi zake. Mwana akakwera pa zitsulo zogwirira, kapena bambo akatulutsa theka la thupi kunja pofuna chithunzi, iyeyo ndiye amadzudzula, ndipo ayenera kudzudzula akumwetulira, poti kangachepe ka kumapeto kamachokera kwa anthu omwewo.

Pofika pa thanthwe, mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Fungo la ndowe ndi nsomba zoola limakulandira maso asanasiyanitse nyama ndi mwala. Kenako phokoso: aang'ono ali mee mee, aakulu akubangula, ena ali chafufumimba, ena akukankhana mpaka mmodzi khuvu m'madzi. M'mbali mwa boti ena amayandama atatukula chipsepse chimodzi m'mwamba, ndipo alendo amati akuwapatsa moni, pomwe nyamayo ikungosintha kutentha kwa thupi lake. Apa aliyense amathamangira mbali imodzi ndi foni m'manja, ndipo apa ndi pamene woyendetsa boti amaonetsa ukatswiri. Saponya nangula. Amaimika boti ndi injini zokha, kupita patsogolo pang'ono, kubwerera pang'ono, pakati pa thanthwe ndi miyala ina yobisika, m'madzi odzaza ndi zomera zazitali zotchedwa kelp zimene zimatha kukola pulopela. Diso limodzi lili pa thanthwe, lina lili kumbuyo komwe mafunde akuchokera. Pakapita mphindi zochepa amatembenuza boti kuti a mbali inayo aoneko, uku akufotokoza pa chimkuzamawu nthabwala zomwe wanena kale kangapo tsiku lomwelo. Chapafupi pomwepo pali malo otchedwa Dungeons, komwe akatswiri osewera pa mafunde amabwera kuchokera m'maiko akutali kudzafuna mafunde aatali kuposa nyumba. Malo ogwirira ntchito a munthuyu ndi oyandikana ndi pamenepo.

Sungadzuke n'kungogwira chiwongolero. Bungwe la boma loona za chitetezo cha panyanja, SAMSA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998, ndilo limapereka ziphaso kwa oyendetsa maboti, ndipo boti lonyamula anthu oposa 12 lili ndi malamulo ake okhwimirapo. Munthu amafunika kusonyeza kuti wakhala panyanja nthawi yokwanira, kulemba mayeso, kuyezedwa maso, kudziwa kulankhula pa wailesi ya panyanja ndi kupereka chithandizo choyamba. Boti nalo limayenderedwa chaka ndi chaka, ndipo chiwerengero cha anthu oyenera kukwera chimalembedwa pa chiphaso chake. Madzi onse ozungulira dera limeneli ali m'malo otetezedwa a Table Mountain National Park kuyambira mu 2004. Maphunziro ndi mayeso amafuna ndalama, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri ogwira zingwe amakanirira zaka ndi zaka, nyanja akuidziwa bwino koma pepala alibe.

Komatu luso lalikulu la woyendetsa boti silili pa pepalapo. Lili pa kutha kunena kuti lero sitipita. Nyengo ya alendo ndi November mpaka March, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene mphepo ya kummwera chakummawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, imaomba masiku angapo osapuma. M'miyezi ya June, July ndi August kumabwera mvula ndi mikuntho, ndipo mafunde aakulu amafika kuchokera kutali m'nyanja ya Atlantic ngakhale tsiku loti kumwamba kuli mbee. M'doko madzi amakhala bata, dzuwa likuwala, mabasi atatu aima, matikiti agulidwa kale. Mwini boti akuwerenga ndalama zobweza. Wotsogolera alendo akunena kuti anthuwa achokera ku Germany ndipo mawa akukwera ndege. Wogwira zingwe sanena kanthu, koma aliyense akudziwa kuti boti likagona padoko kangachepe palibe. Zonsezi zimakankhira munthu mmodzi kuti ayese ulendo umodzi wokha. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, koma pusi amagwa yekha, pomwe woyendetsa boti amagwa ndi anthu ambirimbiri m'madzi ozizira a mkokomo wa Benguela, amene kawirikawiri sapitirira madigiri 14. M'madzi otero manja amauma msanga, ngakhale a munthu wodziwa kusambira.

Anthu a ku Hout Bay saiwala tsiku la 13 October 2012. Boti lotchedwa Miroshga, lomwe lidanyamula anthu pafupifupi 40, lidagubuduzika pafupi ndi Duiker Island. Kafukufuku adaonetsa kuti madzi adayamba kulowa chakumbuyo, mapampu otulutsa madzi sadathandize, injini zidazima, ndipo boti lopanda mphamvu lidatengedwa mpaka pomwe mafunde amasweka. Anthu awiri adamwalira, mlendo wochokera ku Britain ndi mmodzi mwa ogwira ntchito m'botimo. Amayi atatu adatsekeredwa pansi pa boti logadabukalo, n'kumapuma kampweya kotsalira mkati, mpaka akatswiri omira m'madzi adawatulutsa patapita maola. Manyuzipepala adalembanso kuti ena mwa oyamba kuvuula anthu adali amuna a timaboti ting'onoting'ono, omwe ankaganiziridwa kuti ndi osodza nkhono za m'nyanja zotchedwa perlemoen mozemba boma. Phunziro la ngozi imeneyi ndi losasangalatsa, chifukwa silikhudza namondwe woopsa wa m'mafilimu. Likhudza pampu, waya, kabowo kolowetsa mpweya, zinthu zimene makaniko ndi mwini boti amaziona padoko mlendo asanagule tikiti. Makaniko ameneyu palibe amamujambula ndipo salandira kangachepe, koma moyo wa onse okwera uli m'manja ake akuda ndi girizi.

Kumbuyo kwa onsewa kuli gulu lopulumutsa anthu panyanja la NSRI, lomwe lidayamba mu 1967 ndipo lili ndi nthambi yake pa doko lomweli. Oyendetsa maboti ake ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ena ndi amisiri, ena ogwira ntchito m'maofesi. Foni ikalira amasiya chilichonse. Ntchito yonse yokopa alendo m'gombeli imatsamira pa anthu amenewa, ngakhale dzina lawo sililembedwa pa tikiti.

Nanga ogwira ntchitowa amagona kuti? Hout Bay ndi mudzi wa magawo atatu osafanana. M'chigwa muli nyumba za anthu opeza bwino. Pamwamba pa doko, m'munsi mwa Sentinel, pali Hangberg, komwe malamulo a tsankho adaunjika mabanja a asodzi ndi ogwira ntchito m'mafakitale a nsomba. Kutsidya kuli Imizamo Yethu, mudzi wothithikana umene udayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu March 2017 moto udapsereza tinyumba tambirimbiri n'kusiya anthu zikwizikwi pamtetete. Boti ndi chuma chodula, ndiye eni ake ndi ochepa, pomwe manja ambiri amachokera m'midzi iwiri inayo. Kwa mwana wa msodzi, kuonetsa seal kuli ndi kowawa kwake. Kwa bambo ake seal ndi mbala: msodzi amakoka nsomba ya snoek pa chingwe, pofika pafupi ndi boti n'kupeza mutu wokha. Koma zilolezo zosodzera ndi zovuta kupeza, nsomba sizichuluka ngati kale, ndipo boti la alendo limakubweza kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndiye munthu amameza mawu, n'kumauza alendo kuti taonani kukongola kwake, za nyama yomwe kwawo amaitukwana.

Pamtunda pali odyerapo ena, ndipo mwina ndi ochuluka kuposa a m'boti. Pali ogulitsa ziboliboli, mikanda, nsalu ndi tinyama topinda ndi waya, amene amayala katundu m'mawa uliwonse n'kumulongedzanso madzulo. Msika wawo ndi mphindi zochepa zija pakati pa kutsika boti ndi kukwera basi. Pali oimba ovala masuti owala ndi zipewa, a mwambo wa Kaapse Klopse, amene amaimba ndi mabanjo pomwe alendo akutsika, chipewa chili pansi. Pali olondera magalimoto, okazinga nsomba ndi tchipisi, ndi operekera zakudya m'malesitilanti monga Mariner's Wharf. Ambiri mwa ogulitsa ziboliboli ndi ochokera m'maiko ena a mu Africa, ndipo ku Imizamo Yethu kumakhala Amalawi ndi Azimbabwe ochuluka, moti kumva Chichewa kapena Chitumbuka m'minibasi ya ku Hout Bay si chachilendo. Abale athuwa amapezeka kwambiri pa ntchito za pamtunda, m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi pa malonda, chifukwa ntchito ya m'boti imafuna mapepala okwanira. Onsewa alibe mgwirizano ndi mwini boti, koma boti likapanda kunyamuka nawonso agona ndi njala. Zidaoneka poyera kuyambira pa 27 March 2020, pomwe dziko lidatsekedwa chifukwa cha Covid-19: doko lidangoti zii kwa miyezi.

Tsopano pali gulu lina lomwe nkhani yake ndi yovuta, la odyetsa ma seal. Awa sakwera boti. Amakhala pakhoma la doko ndi ndowa ya mitu ndi matumbo a nsomba, n'kuzoloweza seal mmodzi kapena awiri kutuluka m'madzi. Munthu amaluma kachidutswa ka nsomba, n'kuwerama, chinyama cha makilogalamu mazana n'kudzatsomphola pakamwa pake pomwepo. Alendo amakuwa, amajambula, ena amaitanidwa kuti adzagwire msana kapena kukhala pambali pake, kenako dzanja limatambasuka. Malamulo amaletsa kudyetsa ndi kuvutitsa ma seal, ndipo mu 2023 bungwe loteteza nyama la Cape of Good Hope SPCA lidachotsa ma seal asanu padokoli litatenga chilolezo kukhoti. Sindifuna kunyoza amuna amenewa. Ambiri ndi ana a m'dera lomwelo, obadwira pafupi ndi nyanja imene chuma chake chimawadutsa pamphuno, ndipo kulimba mtima kwawo ndi kwenikweni. Koma ntchitoyo ndi yoipa. Seal wozolowera ndowa amanenepa mopitirira, amasiya kusaka, amataya mantha, ndipo tsiku lina amaluma mwana amene alibe nsomba yomupatsa. Wolakwa wamkulu ndi mlendo wotulutsa ndalamayo. Akuluakulu a mzinda nawonso sangamangolanda ndowa osafunsa kuti mwini ndowayo adya chiyani mawa.

Chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi chiwewe. Kuyambira chakumapeto kwa 2021 anthu adayamba kudandaula kuti ma seal ena akuthamangitsa ndi kuluma osambira popanda chifukwa. Mu June 2024 zidatsimikizika kuti m'ma seal a ku Cape muli chiwewe, ndipo ofufuza atayeza ubongo wa ena omwe adafa kale adapeza kuti matendawa adalipo kuyambira mu 2022. Aka kadali koyamba padziko lonse kuti chiwewe chifalikire pakati pa nyama zoyamwitsa za m'nyanja, ndipo kachilombo kake kakufanana ndi ka nkhandwe za ku Namibia, zomwe zimasaka tiana ta ma seal m'gombe. Nthambi imodzi ya ntchitoyi idakhudzidwa nthawi yomweyo. Padali makampani otengera alendo ku Duiker Island pa timaboti ta mphira, kuwaveka zovala zoteteza kuzizira ndi magalasi, kuti akasambire pakati pa ma seal. Ena mwa iwo adaimitsa maulendowo, ndipo aphunzitsi osambira adayenera kufuna zina zochita. Maboti oonera patali adapitiriza, chifukwa pakati pa mlendo ndi mano pali chitsulo ndi madzi. Ogwira ntchito ku malo osamalira ma seal ovulala ndi amasiye a Hout Bay Seal Rescue Centre, pamodzi ndi onse ogwira nyamazi ndi manja, tsopano ayenera kuganiza za katemera asanaganize za china chilichonse.

Ntchito yomweyi ilinso m'madoko ena. Ku Simon's Town maboti amapita ku Seal Island ya mu False Bay, komwe kale alendo ankakaonera nsomba zolusa za great white shark zikudumpha pogwira ma seal, mpaka zidayamba kusowa cha m'ma 2017. Ku Gansbaai amapita ku Geyser Rock, ku Plettenberg Bay amazungulira Robberg, ku Mossel Bay kuli kachilumba kawonso, ndipo ku Walvis Bay m'dziko la Namibia ma seal ena adazolowera mpaka kukwera m'boti. Konseko mavuto ndi amodzimodzi: nyengo, mafuta, ndi chiyeso chosendeza nyama pafupi kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Inu amene muli ku Cape Town, kapena mudzapiteko, ulendowu ndi woyenera kuuyenda, ndipo ndi umodzi mwa maulendo apanyanja otsikirapo mtengo mumzindawo. Pitani m'mawa, tengani juzi ngakhale kutacha bwino, ndipo mukakwera funsani pomwe pali majekete oyandamitsa. Akakuuzani kuti lero boti silinyamuka, musakangane nawo ndipo musapite kukafuna wina wovomera. Potsika mukumbukire wogwira zingwe uja. Wa ndowa ya nsomba musamupatse ndalama kuti mujambulitse, ndipo ana musawalole kuyandikira seal wogona padoko kapena pamchenga. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.